Extractor Yathyokera M'bawuti? Ikani Kaye Dirilo Pansi

Kamvekedwe kake sikaiwalika. Mwakhala mukupotokola pang'onopang'ono, mtima ukukuuzani kuti bawuti yayamba kugonja, kenako mungomva kuti "tswa!" chogwirira n'kupepuka m'manja. Mukasuzumira m'bowo muja mupeza kachidutswa kotuwa ka extractor, kachitsulo kochotsera mabawuti oduka, kali phee pakati penipeni pa bawuti yomwe mumafuna kuchotsa. Poyamba munali ndi vuto limodzi. Tsopano muli ndi awiri, ndipo lachiwirili ndi lolimba kuposa loyamba lija.

Ine zinandionekera pa njinga yamoto ya mnyamata wina wa kabaza. Bawuti ya 8 mm yomangira paipi ya ekizozi ku hedi ya injini inadukira m'kati, ndinaboola, ndinalowetsa extractor, nayonso n'kudukira momwemo. Mwini njinga anali atakhala pa tayala lakutha, akuyang'ana makasitomala ake akukwera njinga za anzake. "Amisiri, zitheka lero lomwe?" Ine ndi manyazi ndinati zitheka, n'kutenga dirilo. Pofika masana ndinali nditapsereza mabiti atatu, ndipo pa kachitsulo kaja panali pakungonyezimira ngati ndapapukuta ndi nsalu. Bowo linali litayamba kupendekera m'mbali, kulowera ku mazinga a hedi. Cholakwa chachikulu cha tsikulo sichinali kuthyola extractor ayi. Chinali kutenga dirilo ija.

Dziwani kaye mdani wanu

Extractor amaipanga ndi chitsulo chowumitsidwa kuti mano ake athe kuluma bawuti. Kulimba kwake n'kofanana, kapena kuyandikira kwambiri, ndi kwa mabiti wamba a dirilo, otchedwa HSS, omwe timagula m'mahadiweya. Chitsulo sichingadule chinzake cholimba mofanana nacho. Biti imangoterereka, kutentha, nsonga yake n'kuda, ndipo popeza ikufuna pofewa, imathawira m'mbali n'kuyamba kudya mazinga a chinthu chomwe mukufuna kupulumutsacho. Ngakhale mabiti a cobalt, omwe amaboola bwino zitsulo zovuta ngati stainless, pa extractor nthawi zambiri amagonja.

Koma kulimba komweko ndiye kufooka kwake. Chitsulo chowuma chotere sichipindika, chimasweka ngati mbale yadothi. Komanso moto umachifewetsa. Njira zingapo mwa zomwe zili m'munsimu zatsamira pa zinthu ziwirizi: kuphwanyika ndi moto.

China n'choti extractor zambiri zimakhala zosongoka, zazing'ono kunsonga, zazikulu kumtunda. Mukamaipotokola imadzikankhira m'kati ngati chikhomo, ndipo imatukumula bawuti, kuikanikiza kwambiri ku mazinga. N'chifukwa chake bawuti yadzimbiri imalimbiratu mukaiyika extractor. Choncho kachidutswa kamene katsalira m'katimo sikanangogona chabe, kapanikizika.

Musanachite chilichonse

Pukutani pamalopo, muuzirepo mpweya, muunike ndi tochi ya foni. Mufunika kudziwa zinthu zitatu. Kodi extractor yathyokera pamwamba, pali kotulukira koti mungagwire, kapena yathyokera m'kati? Kodi ndi ya mizere yopota ija, kapena ya ngodya zinayi yowongoka? Nanga bawutiyo yalowa m'chiyani: aluminiyamu, chitsulo wamba, chitsulo cha kasiti, kapena thabwa? Funso lachitatuli ndi lomwe likuuzeni kuchuluka kwa moto womwe mungagwiritse ntchito.

Ngati chinthucho chingathe kumasulidwa, chimasuleni mukachigwirire pa benchi. Ndikudziwa kuti kuchotsa hedi kumagwetsa ulesi, komanso pamafunika gasiketi yatsopano. Koma ntchito yomwe pa benchi ndi ya ola limodzi, mutagona chagada pansi pa galimoto imatha tsiku lonse ndipo zotsatira zake zimakhala zokhota.

Valani magalasi oteteza maso. Izi sindikunena mwamwambo chabe. Tizidutswa ta extractor tikamasweka timauluka ngati tamagalasi, ndipo takuthwa zedi.

Thirani mafuta olowerera, WD-40 kapena ena otero, muwasiye alowe. Ngati mwaganiza kale zowotcherera, musathire ambiri, chifukwa mudzafunika kuwapukuta onse.

Choyamba: ibwezeni mmene inalowera

Extractor ya mizere yopota imaluma mukamaipotokolera mbali yomasulira bawuti. Ndiye kuti iyoyo imasuke, iyenera kuzungulira mbali yomangira. Anthu ambiri amasokoneza apa, n'kumaimenyera mbali yomasulira, osadziwa kuti akuilimbitsa.

Ngati pali kotulukira, gwirani ndi pulayala yokhoma ija, muikhome zolimba, mupotokolere mbali yomangira uku mukukokera kunja. Ngati yathyokera m'kati, tengani panchi yosongoka yaing'ono ndi hamala yopepuka. Pomwe yathyokerapo sipakhala posalala, pamakhala kamphepete kena kotukuka. Ikani nsonga ya panchi pa kamphepeteko, muipendeketse, muzigogoda pang'onopang'ono ngati mukufuna kuzungulitsa kachidutswako mbali yomangira. Musamenye ngati mukuswa miyala. Kugogoda kwapafupipafupi, kopepuka, kambirimbiri, ndi komwe kumagwedeza. Sinthani malo, mugogode mbali ina, mubwererenso. Mukangoona kuti kasuntha ngakhale pang'ono pokha, thirani mafuta, pitirizani, kenako mukatulutse ndi maginito kapena kawaya kopinda nsonga.

Ya ngodya zinayi ilibe mbali yomasukira, inangokhomeredwa. Imeneyo igogodeni uku ndi uku, kumanja kumanzere, mpaka itayamba kugwedera ngati dzino la mwana.

Patsani njira imeneyi mphindi 15 kapena 20. Imatheka kawirikawiri kuposa mmene anthu amaganizira, makamaka ngati extractor sinalowe kwambiri.

Chachiwiri: iphwanyeni

Ikakana kuzungulira, yesani kuiswa. Apa mufunika panchi yabwino yolimba, chifukwa yotchipa imangophwatalala nsonga. Ikani pakati pa kachidutswako kapena pomwe mukuona mng'alu, mumenye kamodzi mwamphamvu, mowongoka. Chotsani tomwe tasweka, muuzire, muyang'ane, mumenyenso. Extractor zing'onozing'ono, za m'mabawuti a 6 mm kutsika, zimasweka msanga.

Chenjezo lake ndi ili: nkhonya iliyonse yolunjika pansi imakhomereranso kachidutswa kaja m'kati. Mukamenya kanayi kasanu osaona chosweka, lekani. Ndiponso ngati bawutiyo ili pa kakhutu kopyapyala ka aluminiyamu kapena ka kasiti, ikani chitsulo cholemera kuseri kwake kuti chilandire nkhonyayo, apo ayi muthyola khutu lonselo n'kuyamba kufunsa mitengo ya hedi ina.

Chachitatu: wotchererani nati

Iyi ndiye njira yomwe ndimaikhulupirira kuposa zonse, ndipo ndi yomwe inapulumutsa njinga ya mnyamata uja. Ubwino wake ndi woti simulimbana ndi extractor n'komwe. Mumachotsa bawuti yonse, extractor ili m'mimba mwake. Moto wa welodi umachita ntchito ziwiri nthawi imodzi: umakupatsani pogwira, komanso umatukumula bawuti mwadzidzidzi, ndipo ikamazizira imabwerera n'kusiya dzimbiri litasweka m'mazinga.

Ngati mulibe makina, nyamulani chinthucho mupite kwa owotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo. Koma mukhale pompo muziwauza chochita, chifukwa ambiri anazolowera kuthira moto wambiri pa zitsulo zazikulu.

Yambani ndi kuchotsa waya wa batire ngati mukuwotcherera pa galimoto kapena njinga pomwepo. Thanki ya petulo ndi mapaipi ake zikhale kutali, kapena muzichotse. Waya wa ethi wa makina mumangirire pafupi kwambiri ndi pomwe mukuwotchererapo, kuti magetsi asadutse m'mabering'i kapena m'mawaya. Pukutani mafuta onse, mukwechepo ndi burashi yawaya mpaka chitsulo chiwale.

Ngati bawuti yathyokera molingana ndi pamwamba, ikani washala yokhuthala yomwe bowo lake ndi laling'ono pang'ono kapena lofanana ndi bawutiyo. Wotchererani m'bowo la washalayo kuti igwirane ndi bawuti. Gogodani makoko a welodi achoke. Kenako sanjikani nati pamwamba pa washala, muwotcherere m'kati mwa natiyo mpaka idzaze, ndi m'mbali mwake ngati malo alipo. Pa bawuti ya 8 mm ine ndimatenga nati ya 10 mm, kuti rodi ilowe bwino ikafike pansi. Rodi ya 2.5 mm ndi yokwana. Chifukwa choyambira ndi washala n'choti mukayamba ndi nati, moto umakonda kugwira m'makoma a natiyo, pansi pomwe pali bawuti osapsa. Nati imaoneka yodzaza bwinobwino, koma mukangoikapo sipanala imachoka ngati chipewa.

Ngati yathyokera m'kati mwa bowo, muyambe mwaikweza. Dontheza kamodzi pakati, dikirani kufiira kuthe, gogodani makoko, donthezaninso pamwamba pake, mpaka kachulu katulukire kunja. Pa aluminiyamu zimenezi n'zosavuta, chifukwa welodi ya chitsulo sigwira aluminiyamu. Pa chitsulo wamba samalani kwambiri, mungawotcherere bawuti ku thupi la chinthucho, ndiye kuti mwakwirira zonse. Kachidutswa ka paipi ya kopa kolowetsedwa m'bowomo kamateteza makoma.

Yesetsani kuti moto ugwire mphete ya bawuti yozungulira extractor, osati extractor yokha. Welodi ya pa chitsulo chowuma imakhala yosachedwa kusweka. Komabe ikagwira extractor yokha si tsoka: potokolerani mbali yomangira, mwina ituluka yokha, ndipo vuto lachiwiri lija latha.

Tsopano gawo lovuta: dikirani. Bawuti ikadali yofiira ndi yotukumuka komanso yofewa, mukaipotokola imangopotoka n'kuduka. Isiyeni mpaka mutatha kuyandikiza dzanja. Ikadali yofunda thiranipo mafuta olowerera, kapena khudzitsani kandulo m'mbali mwake kuti phula lisungunukire m'mazinga. Ikani sipanala yaifupi, osati yoikira paipi. Kankhirani pang'ono mbali yomangira, kenako mbali yomasulira, uku ndi uku, mtunda waung'ono kwambiri. Mukamva kakulira koti "kwii", sekererani chamumtima, koma musafulumire. Onjezerani mtunda pang'onopang'ono, mafuta akulowa.

Nati ikathyoka, wotchererani ina. Pa njinga ija ndinataya manati awiri, yachitatu ndiyo inatuluka ndi bawuti. Nati iliyonse yothyoka yasiya moto wake m'mazinga, siinapite pachabe.

Ngati welodi palibe: ifewetseni ndi moto

Chitsulo chowumitsidwa mukachitenthetsa mpaka chifiire ngati khala, n'kuchisiya chizizire pang'onopang'ono, chimafewa moti biti wamba imatha kuchidya. Extractor zambiri zimamvera zimenezi, ngakhale zina zimakhalabe zolimbirako. Mufunika lawi losongoka la gasi wowotcherera, mulunjike pa extractor penipeni. Ikafiira, musathirepo madzi kapena mafuta, chifukwa mukatero mwaiwumitsanso. Ngati ndi kachinthu kakang'ono kachitsulo, monga bulaketi kapena habu ya wilibala, kakwirireni m'phulusa lotentha la pa mbaula kazizire komweko mpaka mawa.

Pa aluminiyamu njira imeneyi ndi yoopsa. Aluminiyamu imasungunuka pa madigiri 660, pomwe chitsulo chikamafiira bwino chimakhala chitapyola 700. Choipa china n'choti aluminiyamu siisintha mtundu kukuchenjezani, imangogwa mwadzidzidzi ngati phala. Komanso imamwa kutentha msanga, moti lawi laling'ono silifiiritsa n'komwe bawuti yomwe ili m'kati mwake. Welodi imaposa apa chifukwa moto wake ndi wa kanthawi kochepa, pamalo amodzi.

Kuidya ndi chinthu cholimba kuiposa

Zina mwa zomwe zimadula extractor ili yowuma ndi carbide ndi dayamondi. Ngati muli ndi kamakina kothamanga kwambiri ngati Dremel, gulani timitu ta carbide kapena ta dayamondi tating'ono. Musakanikize, lolani liwiro ligwire ntchito. Ta dayamondi timafuna madzi, muzidontheza pafupipafupi. Cholinga si kupera extractor yonse ayi. Kumbani pakati mpaka makoma ake apyapyale, kenako panchi imalize. Ndi ntchito ya ola kapena kuposa, yofuna mpando ndi wailesi.

Mabiti a carbide yokhayokha amaboola ndithu, koma ndi odula, ndipo amafuna dirilo yoima ya pa benchi, chinthucho chitamangidwa zolimba pa vayisi. Pa dirilo yam'manja, dzanja likangogwedera pang'ono biti imathyoka, ndiye muli ndi chinthu chachitatu m'bowomo, cholimba kuposa ziwiri zija.

Ya amphawife ndi biti yoboolera khoma. Kansonga kake ndi ka carbide, kungoti n'kobuntha chifukwa anakapangira kuswa simenti. Kanoleni pa mwala wobiriwira wonolera carbide kapena pa disiki ya dayamondi yodulira matailosi, kakhale ndi mpeni ngati wa biti ya chitsulo. Zimitsani kugogoda kwa dirilo, ingozungulira basi. Kanikizani ndithu, muzipumira, chifukwa ikatentha kwambiri kansongako kamamatuka. Gulani ziwiri kapena zitatu.

Palinso njira yozungulira. Ngati bawuti ndi yaikulu, 10 mm kupita m'mwamba, mphete yake yozungulira extractor imakhala ndi mnofu wokwanira. Dindani timadontho ndi panchi pa mpheteyo, muboole timabowo ndi biti ya 2 mm kuzungulira extractor. Mukachotsa mnofu womwe waigwira, imagwedera. Koma biti ya 2 mm ikangokhudza mano a extractor imathyoka nthawi yomweyo, choncho dzanja likhale lopepuka.

Tinthu ting'onoting'ono ta aluminiyamu ndi bulasi

Pa kabuleta, kapena kachipangizo kena kosafuna hamala ngakhale moto, pali njira ya okonza mawotchi. Alum, mchere woyera uja ena amayeretsera madzi, ukasungunulidwa wambiri m'madzi otentha umadya chitsulo koma aluminiyamu, bulasi ndi kopa umazisiya. Chotsani chilichonse chachitsulo pa chipangizocho, tsukani mafuta onse, sungunulani alum mpaka wina azitsalira pansi, muviike. Poto akhale wa aluminiyamu kapena galasi, osati wachitsulo, ndipo asabwererenso kukhitchini. Madzi azikhala otentha osabwata kwambiri. Muona timathovu tikutuluka m'bowomo. Pakapita maola angapo tokosani zakuda zomwe zaunjikana, muviikenso. Kasikuluwu kakang'ono kamatha tsiku limodzi, bawuti yokulirapo masiku angapo. Aluminiyamu imatha kuderako pang'ono. Ngati chinthucho n'chachitsulo kapena cha kasiti, musayerekeze, chidyeka pamodzi ndi bawutiyo.

Za m'thabwa n'zachidule. Tengani kapaipi kachitsulo kokulirapo pang'ono kuposa sikuluwuyo, semani mano kunsonga kwake ndi tupa, kamangeni pa dirilo, mudule thabwa kuzungulira sikuluwu. Thyolani kachitsa kameneko katuluke ndi zonse, mutsekepo ndi kamtengo kozungulira ndi guluu, mawa muboolenso.

Zonsezi zikakanika pa chinthu chodula ngati buloko ya injini, funsani m'mashopu a enjiniyaring'i ngati ali ndi makina a spark erosion. Amenewo amadya chitsulo ndi tizimoto ta magetsi, sasamala kuti n'cholimba bwanji, ndipo mazinga amatsala osakhudzidwa. Si shopu iliyonse ili nawo, choncho imbani kaye musanakweze buloko pa minibasi.

Extractor yatuluka, bawuti ikadali momwemo

Musalowetsenso extractor ina. Bawuti yomwe yathyola yoyamba ithyolanso yachiwiri. Tsopano muli ndi bowo pakati, ligwiritseni ntchito. Ngati lili pakati penipeni, likulitseni pang'onopang'ono, theka la milimita nthawi iliyonse. Mukapeza mabiti ozungulira chakumanzere ndi bwino koposa, chifukwa akamaboola amakhalanso akumasula, ndipo nthawi zina bawuti imangotuluka yokha itakakamira ku biti. Ngati bowo lapendekera mbali imodzi, liwongoleni kaye ndi katupa kozungulira kapena kamutu ka carbide kaja, apo ayi biti itsata bowo lokhotalo.

Polekezera ndi apa: bawuti ya 6 mm imani pa biti ya 5 mm, ya 8 mm imani pa 6.8 mm, ya 10 mm ya mazinga wamba imani pa 8.5 mm. Mukafika pamenepo chotsala cha bawuti chimakhala ngati kawaya kopota kogona m'mazinga. Tokosani poyambira pake ndi chosongoka, mukoke ndi pulayala yam'kamwa mosongoka, nthawi zina kamatuluka konse ngati sipuling'i. Kenako pititsani tapu (chodulira mazinga) ya saizi yomweyo ndi mafuta, theka kutsogolo, pang'ono kumbuyo. Samalani, tapu nayo ndi yowuma ngati extractor, ndipo imathyoka mofananamo. Ikalimba, ibwezeni, muuzire m'bowomo, muyambirenso.

Mazinga akakhala kuti adyeka, ikani helicoil (kawaya kopota kobwezeretsa mazinga), kapena boolani mudule mazinga a saizi yotsatira ngati mnofu ulipo. Pa bawuti yatsopano, makamaka ya ku ekizozi, pakani girisi wa kopa musanamange.

Tsiku lina mukadzafunanso extractor, mudzaisungire mabawuti omwe aduka chifukwa chomangitsa, osati ogwidwa ndi dzimbiri. Boolani bowo la saizi yomwe yalembedwa pa paketi yake, lakuya mokwanira kuti mbali yonenepa ndiyo ilume, osati kansonga. Ipotokoleni ndi chogwirira tapu cha manja awiri, chifukwa sipanala imakokera mbali imodzi n'kuipinda. Mukamva ikuyamba kunyumphira ngati sipuling'i bawuti isakusuntha, yatsala pang'ono kuthyoka, bwezani.

Mnyamata wa kabaza uja anatenga njinga yake cha m'ma 5 koloko madzulo. Bawuti ija ndinamupatsa m'manja, nati yopsa ili pamwamba, kansonga ka extractor kakuonekera pakati. Anaitembenuza kangapo, n'kufunsa ngati mabiti atatu aja ndiwaika pa bilu yake. Sindinawaike.